Phungu adapita ku Nyumba ya Malamulo, mwana adatsala ndi patitayimu

Belu loweruka likalira masana m'sukulu zambiri za pulayimale za m'matauni ndi za pafupi ndi misika ya kumidzi, si ana onse amene amaika makope pansi. Ena amathamangira kunyumba kukadya nsima, kapena kukapeza kuti pamoto palibe kanthu, kenako n'kutenganso kope ndi cholembera, ulendo wobwerera. Ena amakalowa m'kalasi momwe adali m'mawa muja. Ena amakakhala pakhonde la nyumba ya aphunzitsi. Enanso amakasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, pomwe mnyamata amene adakhoza mayeso a Fomu 4 koma sadapeze ntchito wakoloweka kabolodi kake. Kumeneko amakabwereza masamu ndi Chingerezi, ndipo mwezi ukatha makolo amapisa m'thumba.

Mwana wa ku Mchinji akafunsidwa kumene akupita, amayankha kuti akupita ku patitayimu. Mnzake wa ku Chipata, kungowoloka malire, amatchula mawu a Chingerezi akuti "extra lessons" kapena "tuition". Wa m'boma la Angónia ku Mozambique amati akupita ku "explicação", ndipo amene akukamuphunzitsayo ndi "explicador", ndiye kuti munthu wolongosola zinthu. Ana atatuwa amalankhula chinenero chimodzi kunyumba, agogo awo mwina adavinidwa pa bwalo limodzi, koma palibe mwa iwo amene amatchula munthu ameneyu ndi dzina la chinenero cha makolo ake.

Omasulira nkhani pa wailesi ndi m'mabungwe nawonso amavutika chimodzimodzi. Akakumana ndi mawu a Chingerezi akuti "tutor" amayamba kuzungulira: mphunzitsi wapadera, mphunzitsi wolembedwa ganyu ndi makolo, mphunzitsi wophunzitsa mwana kunyumba. Onsewa ndi mafotokozedwe chabe, si dzina. N'chifukwa chake ena amaganiza kuti munthu wamkulu wosamala maphunziro a mwana mmodzi payekha ndi chinthu chobwera, cha anthu olemera a m'tauni. Mbiri ya mawu ikutsutsa ganizo limeneli. Dzina lidalipo, ndipo tanthauzo lake likufanana modabwitsa ndi tanthauzo loyamba la mawu a Chingerezi aja.

Mlonda wa mwana wamasiye

Mawu akuti "tutor" Angerezi adachita kubwereka. Adachokera ku Chilatini, chinenero cha Aroma akale, ndipo tsinde lake ndi mneni wakuti "tueri", amene amatanthauza kuyang'anira, kulondera kapena kuteteza. M'mawu amenewa mudalibe choko, bolodi ngakhale mayeso. M'malamulo a Aroma, "tutor" adali munthu wamkulu woikidwa kuti asamale mwana amene bambo ake adamwalira iye asanathe msinkhu, ndipo msinkhuwo pambuyo pake udakhazikitsidwa pa zaka 14 kwa mnyamata ndi zaka 12 kwa mtsikana. Ntchito yake yaikulu idali yosunga chuma chamasiye, kuti minda, nyumba ndi ziweto za mwanayo zisathere m'manja mwa achibale adyera. Nthawi zina bambo ankamutchuliratu m'wilo yake. Pakapanda wilo, udindowo unkagwera wachibale wapafupi wa kuchimuna, ndipo akasowa onsewa, akuluakulu a boma ankasankha munthu. Mwanayo akakula adali ndi ufulu womusumira mlonda wakeyo ngati chuma chapezeka choperewera.

Aliyense amene adagwirapo ntchito pakati pa ana amasiye m'zaka zomwe Edzi idavuta kwambiri, n'kuona katundu akututidwa m'nyumba maliro asanathe n'komwe, sangavutike kumvetsa chifukwa chimene Aroma adaikira lamulo lotere.

Tanthauzo lakalelo silidafe. Ku South Africa, lamulo loyendetsera chuma cha anthu omwalira la mu 1965 limatchula "tutor" ngati munthu wopatsidwa kalata ndi ofesi ya ku khoti lalikulu kuti ayang'anire katundu wa mwana wamng'ono. M'Chipwitikizi cha m'makhoti a ku Mozambique, "tutor" ndi munthu amene waikidwa kuti alere mwana amene alibe makolo omulera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mphunzitsi wa masana uja kumeneko ali ndi dzina lakelake la "explicador".

Mawuwa adalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, akadali ndi tanthauzo la wosamala mwana. Adayamba kusintha m'masukulu aukachenjede a Oxford ndi Cambridge, kumene anyamata ankapita akadali aang'ono poyerekeza ndi ophunzira a masiku ano. Makolo ankapereka mnyamata m'manja mwa mmodzi wa akuluakulu a pakoleji, amene ankamusungira ndalama, kumulipirira ngongole za zakudya ndi zovala, kuonetsetsa kuti akupita ku mapemphero ndi kuti sakusochera m'malo omwera mowa. Popeza adali munthu wophunzira, ankawerenganso naye mabuku. Pang'ono ndi pang'ono kuwerenga mabukuko kudakula n'kuphimba zina zonse.

Mawu ena otuluka pa tsinde lomwelo, akuti "tuition", adayenda ulendo wotalikirapo. M'zaka za m'ma 1400 ankatanthauza chitetezo kapena chisamaliro. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 adayamba kutanthauza ntchito yophunzitsa. Pofika m'zaka za m'ma 1800 adali atayamba kutanthauzanso ndalama zolipira kusukulu. Adayambira pa kuteteza mwana, n'kudzathera pa fizi. Mwana wa ku Lusaka kapena wa ku Dar es Salaam akamatchula mawu amenewa lero, makolo ake amamva za ndalama basi.

Agiriki nawo adali ndi munthu wawo. Mafumu ankatha kuitana akatswiri otchuka, monga momwe mfumu Philip ya ku Macedonia idaitanira Aristotle kuti adzaphunzitse mwana wake Alexander, ali ndi zaka pafupifupi 13, cha m'ma 343 Yesu asanabadwe. Koma m'mabanja wamba opezako bwino mudali munthu wotsika kwambiri wotchedwa "paidagogos", kutanthauza wotsogolera mwana. Kawirikawiri adali kapolo wachikulire. Sankaphunzitsa m'kalasi. Ankaperekeza mnyamata kusukulu, kumunyamulira zolembera, kumudikira mpaka aweruke, kumuteteza kwa anthu oipa a m'njira ndi kumudzudzula akasowa ulemu.

Munthu ameneyu adawapatsa ntchito omasulira Baibulo m'Chinyanja. Mtumwi Paulo, m'kalata yake yopita kwa Agalatiya, adayerekeza chilamulo ndi kapolo woperekeza mwana uja. Mabaibulo ena a Chingerezi adaika mawu otanthauza mphunzitsi wa sukulu, ena adaika "tutor". Gulu lomwe lidamasulira Buku Lopatulika, motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, lomwe ntchito yake idatha mu 1922, silidasankhe mawu akuti mphunzitsi ngakhale kuti adalipo kale ndipo ankamveka m'sukulu zonse za mishoni. Lidatenga mawu a kuchinamwali akuti namkungwi. Mishoni yomweyo inkaletsa akhristu ake kupita ku chinamwali cha kumudzi, komabe itafuna dzina la munthu wolera ndi kuwongola mwana, idakalipeza komweko.

Namkungwi ndi wa gulu, phungu ndi wa mmodzi

Omasulira aja adayandikira kwambiri, koma pali dzina lina la pa bwalo lomwelo lomwe likadakwana bwino koposa.

Zambiri za kutsimba ndi za kudambwe n'zachinsinsi, ndipo si za papepala. Koma kagawidwe ka ntchito n'kodziwika kwa aliyense wokulira m'mudzi wa Achewa, kaya ku Dedza, ku Katete kapena ku Macanga. Namkungwi ndiye mwini mwambo. Ndi munthu wachikulire wodziwa nyimbo, miyambi ndi ndondomeko yonse, amagwira ntchito limodzi ndi mfumu ya mzinda, ndipo amalangiza anamwali onse pamodzi. Mawu ake ndi omaliza. Koma namwali aliyense amakhalanso ndi phungu wake. Phungu ndi munthu amene adavinidwa kale, amene banja lamusankha poona mayendedwe ake. Iye sachoka pafupi ndi namwali wake. Amamuperekeza, amaonetsetsa kuti wadya, amamubwerezera mwakachetechete zomwe namkungwi wanena pagulu, amamumasulira zomwe sadamve, amamulimbitsa mtima akachita mantha, ndipo amamuyankhulira pamene mwambo sulola namwali kutsegula pakamwa. Mnyamata wolowa gule nayenso sapita yekha, amatengedwa ndi phungu.

Ubale umenewu sutha tsiku lometa. Mwana uja akayamba mwano kunyumba, mayi ake sathamangira kwa namkungwi, amakadandaula kwa aphungu ake, ndipo aphunguwo amamuitanira pambali. Akalephera kusintha, manyazi amagwera phungu yemwe. Ofufuza olemba m'Chingerezi za miyambo ya Achewa, monga Molly Longwe amene buku lake lonena za chinamwali cha atsikana lidatuluka mu 2006, akafuna kumasulira mawu akuti phungu amagwiritsa ntchito mawu omwe aja akuti "tutor". Sadalakwitse. Phungu ndi mlonda poyamba, kuphunzitsa kumabwera chifukwa choti ali pafupi.

Kagawidwe kotere sika Achewa okha. Ku jando ya Ayao kuli nakanga woyang'anira msasa wonse, komanso alombwe amene amasamala anyamata mmodzimmodzi. Anthu akale adazindikira kuti zonenedwa pagulu zimalowa m'khutu la wina, n'kudutsa pa khutu la mnzake, ndipo kuti mwana wamanyazi safunsa funso pamaso pa anzake.

Mawu akuti mphunzitsi ali ndi mbiri ina. Kapangidwe kake n'kosabisika: kuphunzira, kuphunzitsa, mphunzitsi, ndiye kuti wochititsa ena kuphunzira. Adafala pamodzi ndi sukulu za mishoni, kuyambira ku Cape Maclear mu 1875, Blantyre mu 1876, Mvera mu 1889 ndi Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899. M'madera a Chisilamu a m'mbali mwa nyanja mudalowanso mawu akuti mwalimu, ochokera ku Chiarabu kudzera m'Chiswahili. Mphunzitsi ndi mwalimu onse amaima kutsogolo kwa gulu, monga namkungwi. Sukulu itafika m'midzi idabweretsa namkungwi wake watsopano wovala tayi, koma sidabweretse phungu. Malo amenewo adatsala opanda munthu.

Dzina la phungu lidapeza ntchito kwina. Popeza ankatchedwanso phungu munthu wopatsa mfumu nzeru pa milandu, mawuwa adasankhidwa kukhala dzina la woimira dera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo lero mwana wa sukulu akamva zoti aphungu abwera amayembekezera galimoto lalikulu ndi nsalu za chipani. Pambuyo pake mawuwa adalowanso m'zipatala. Ntchito yoyeza magazi itafalikira, makamaka mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma ku Malawi mu 2004, mawu akuti uphungu adamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku. M'kachipinda ka uphungu tanthauzo lakale lidabwerera ndithu: munthu mmodzi, chitseko chotseka, ndi wina womuthandiza kusenza zomwe wamva. Kusukulu kokha n'kumene dzinali silidafike.

Alimi akudziwa dzina lina la m'banja lomweli. Mlangizi adachokera ku mneni wakuti kulanga, amene kale ankatanthauza kupereka mwambo kwa namwali, ngakhale kuti masiku ano anthu ambiri akamva kulanga amaganiza za chilango chokha. Ku Zambia alangizi ndi amayi okonzekeretsa mtsikana kulowa m'banja. M'mipingo muli chilangizo. M'minda muli mlangizi wa zaulimi, amene m'madera ambiri amayang'anira mabanja oposa 1,000, kotero kuti amatha kuonetsa kabzalidwe katsopano pa munda wachitsanzo koma sangafike pa munda wa aliyense. Mabungwe ndi boma adaona kuti pakufunika mlimi wotsogolera, wokhala m'mudzi momwemo, amene angapite pa munda wa mnzake n'kumuonetsa pamene chingwe chapotoka. Mosadziwa, adabwezeretsa phungu pambali pa namkungwi.

Dzina lotchula nthawi ndi ndalama

Mawu akuti patitayimu ndi osiyana ndi mayina onsewa. Phungu, namkungwi, mlangizi ngakhale "tutor" amanena zomwe munthu wamkulu amachitira mwana. Patitayimu amanena za nthawi ya mphunzitsi, maola otsala akaweruka pa ntchito yake yeniyeni, amene angawagulitse. M'Chingerezi mawuwa amanena za ganyu aliyense wosatenga tsiku lonse, kaya m'sitolo kapena m'ofesi. Ku Malawi adasanduka dzina la maphunziro olipira a masana, a Loweruka ndi a patchuthi. Mwana mwa mawuwa mulibemo.

Chifukwa chimene patitayimu idakulira n'chosavuta kuchilondola. Mu 1994 boma latsopano la Malawi lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene ambiri mwa iwo adali asanapite ku koleji ya uphunzitsi, n'kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa asanalowe m'kalasi. Zambia idachotsa fizi ya Giredi 1 mpaka 7 mu 2002, ndipo mu 2022 idafikitsa maphunziro aulere ku sekondale. Mozambique nayo idachotsa fizi ya pulayimale chapakati pa zaka za m'ma 2000. Ana a anthu osauka adalowa m'sukulu mwaunyinji, ndipo chimenechi ndi chipambano chosafunika kuchichepetsa. Koma zipinda ndi aphunzitsi sizidachuluke mofanana ndi ana. Ku Malawi cholinga cha boma chakhala choti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, pamene m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri mumapezeka ana opitirira 100.

M'kalasi yotere mphunzitsi waluso kwambiri sangathe kuona kope la mwana aliyense. Mwana wokhala kumbuyo, amene sadamve bwino za kugawa manambala mu Sitandade 4, amanyamula kusamvako mpaka Sitandade 8. Kumeneko amakumana ndi mayeso a MANEB, amene sangoyesa kukhoza kokha komanso amasankha. Malo m'masekondale a boma ndi ochepa poyerekeza ndi ana okhoza, ndipo malo m'sukulu zogonera komweko ndi ochepetsetsa. Kholo lomwe limalipira patitayimu silopusa. Laona kuti mwana wake akufunika munthu womuyang'ana payekha, ndipo likugula chimene chikupezeka pamsika.

Funso n'lakuti kodi chimene akugulacho ndi chimenechi? Nthawi zina inde. Pali aphunzitsi opuma pantchito ndi achinyamata ophunzira bwino amene amatenga ana asanu kapena khumi, n'kukhala nawo pansi mpaka aliyense atamvetsa, ndipo ndalama yomwe amalandira ndi ya thukuta lawo. Koma patitayimu yambiri ndi kalasi yam'mawa yomwe yangochepako. Ana 40 kapena 50 amakhala m'chipinda chomwecho, pamaso pa mphunzitsi yemweyo, n'kumakopera manotsi ndi kuloweza mayankho a mayeso a zaka zapitazo. Apa kholo lalipira phungu koma lalandira namkungwi kachiwiri.

Choopsa chachikulu chili pa mphunzitsi wolipiritsa ana a m'kalasi mwake momwe. Malipiro a aphunzitsi ndi ochepa, nthawi zina amachedwa, ndipo palibe amene angadabwe kuti munthu wa ana ake akufuna kangachepe koonjezera. Komabe ndalama ya masana ikayamba kudalirika, chiyeso chimabwera choti mitu yovuta isungidwe mpaka masana, kapena yongothamangitsidwa m'mawa kuti ana aone okha kufunika kobwerera. Mwana amene kwawo kulibe ndalama amaona anzake akuyankha mafunso a zinthu zomwe iye sadazimvepo, ndipo amayamba kudziyesa mbuli. Fizi yomwe idatulutsidwa pakhomo mu 1994 imalowanso pazenera, ndipo ulendo uno ilibe lisiti.

Palinso nkhani yomwe makolo ambiri saikamba poyera. Mtsikana wa zaka 13 kapena 14 wopita yekha kunyumba ya munthu wamwamuna madzulo, kapena wobwerera kwawo kutada, ali pa ngozi imene ogwira ntchito zoteteza ana akuidziwa bwino. Pa mwambo wa makolo, phungu wa mtsikana adali mkazi, wodziwika ndi banja lonse, ndipo mudzi unkadziwa kumene mwanayo ali. Dzina lomwe poyamba linkatanthauza mlonda lafika potchula munthu amene nthawi zina mwana amafunika kutetezedwa kwa iye.

Vutoli si la chigawo chino chokha. Katswiri wa zamaphunziro Mark Bray, m'kabuku komwe bungwe la UNESCO lidasindikiza mu 1999, adafalitsa dzina loyerekeza maphunziro olipirawa ndi chithunzithunzi, chifukwa amatsatira sukulu kulikonse kumene yapita: silabasi ikasintha nawo amasintha, mayeso akakhwima nawo amakula. Mu 2021 adatulutsa buku lina lonena za Africa yokha. Kafukufuku wa SACMEQ, amene amayesa ana a chaka chachisanu ndi chimodzi cha pulayimale m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, adapeza mu 2007 kuti pa chilumba cha Mauritius ana pafupifupi atatu mwa anayi alionse ankapita ku maphunziro otere.

Maiko ayesa kuletsa. South Korea idaletsa maphunziro olipira apadera mu 1980, koma anthu olemera adapitiriza mobisa pa mtengo wokwera, mpaka khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo lidathetsa chiletsocho mu 2000. Kenya idaika m'lamulo lake la maphunziro la mu 2013 chiletso cha maphunziro a patchuthi. China idaletsa mu 2021 makampani ophunzitsa ana maphunziro a m'kalasi pofuna phindu. Maunduna a zamaphunziro a m'chigawo chino nawo akhala akutulutsa makalata oletsa aphunzitsi a boma kulipiritsa ana pa malo a sukulu. Makalatawo amawerengedwa pa msonkhano wa aphunzitsi, patitayimu imasamukira kuseri kwa tchalitchi, ndipo ikadutsa miyezi ingapo imabwerera. Kalata singachotse chifukwa chomwe chidabala chinthucho, chomwe ndi mwana wotayika m'gulu la anzake 100.

Dzina limanyamula udindo

Kwa ogwira ntchito zachitukuko m'midzi, nkhani ya dzina si masewera a akatswiri a zinenero. Mabungwe ambiri ali ndi magulu owerenga a masana, makalabu a atsikana ndi ntchito zobwezera kusukulu ana amene adasiyira panjira. Onsewa amadalira anthu odzipereka a m'mudzi, ndipo munthu wodziperekayo amayenera kupatsidwa dzina pa msonkhano woyamba ndi amfumu. Akatchedwa mphunzitsi, makolo amayembekezera bolodi, manotsi ndi zotsatira za mayeso, iye mwini amayamba kuyembekezera malipiro a pamwezi, ndipo aphunzitsi a pasukulu amamuona ngati wodzawalanda ntchito. Akatchedwa wa patitayimu, mabanja osauka amasunga ana awo kunyumba poganiza kuti mwezi ukatha kubwera bilu. Akatchedwa mlangizi amalemekezedwa, koma anthu amayembekezera kuti aziyankhula pagulu n'kumapita.

Dzina la phungu lili ndi mavuto ake. M'mipingo ina limamveka fungo la kudambwe, ndipo nyengo ya zisankho likhoza kusokoneza anthu. Koma lili ndi chinthu chimene mayina enawo alibe: agogo a m'mudzi akalimva amadziwa nthawi yomweyo zoyenera kufunsa. Wamusankha ndani? Ndi mwana wa yani, ndipo mayendedwe ake ndi otani? Ali ndi ana angati m'manja mwake? Mwana akajomba masiku atatu, apita kukamufuna kwawo? Mafunso amenewa ndi omwe komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi kapena gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu lingafunse munthu aliyense wophunzitsa ana masana, wolipidwa ndi wosalipidwa yemwe. Pali zinthu zina zomwe komiti ingagwirizane popanda kudikira kalata ya ku likulu: kuti mphunzitsi asalipiritse ana a m'kalasi mwake, kuti maphunziro azichitikira poonekera ndi kutha dzuwa lisanalowe, kuti mtengo ukhale wodziwika kwa onse, ndi kuti pa gulu lililonse pakhale malo a ana amasiye osalipira. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe umatchulidwa kawirikawiri pa misonkhano yotere, ndipo apa ndi pamene ungayesedwe ngati ukadali ndi mphamvu.

Mawu otchulira malipiro nawo amaulula zambiri. Phungu wa kuchinamwali ankathokozedwa, ndipo chothokozera chinkaperekedwa ntchito itaoneka. Wodzipereka wa bungwe amalandira ya sopo. Wa patitayimu amalandira fizi, imene imaperekedwa mwezi usanayambe kapena ukangotha, mwana wamva kapena sadamve, ndipo wosalipira amabwezedwa pakhomo.

Kwa mlimi, fizi imeneyi imabwera pa nyengo yoipa. Ku Zambia ndi ku Mozambique chaka cha sukulu chimayamba kumayambiriro kwa chaka ndipo mayeso aakulu amalembedwa chakumapeto, kotero kuti ndalama ya maphunziro a masana imalimbana ndi ndalama ya mbewu ndi feteleza. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndipo ana a Sitandade 8 amalemba mayeso awo nyengo yokolola. Miyezi yokonzekera mwamphamvu imakhala Januwale, Febuluwale ndi Malichi, pamene nkhokwe zapepuka, chimanga chakwera mtengo pamsika, fodya akadali m'munda kapena m'chigafa, ndipo soya ndi mtedza sizinakhwime. Mayi amene akufuna kuti dzina la mwana wake lidzamveke pa mndandanda wa osankhidwa amagulitsa nkhuku, kapena amakapalira m'munda mwa wina pa ganyu, udzu uli kukula m'munda mwake. Akapeza ndalamayo amafunsa anzake kuchigayo kuti ndi aphunzitsi ati amene ana awo adasankhidwa ambiri chaka chatha, n'kutumiza mwana kumeneko ndi ndalama yomangidwa pa nsonga ya mpango.